MagLev ya maginito awiri: imayeza bwino zedi, koma si yosankhira matumba a pulasitiki

Mukaiona koyamba mungaiyese chidole cha ana a sukulu. Ndi zidutswa ziwiri za maginito, china pansi china pamwamba, zomangidwa mu felemu yolimba, ndipo pakati pake pali kabotolo ka makona anayi kodzaza madzi a mtundu wa pinki. Mukaponyamo kachidutswa ka pulasitiki, sikamira mpaka pansi komanso sikayandama pamwamba. Kamatsika pang'onopang'ono, kenako n'kuima m'malere pakati pa madziwo popanda chokagwira. Mukaponyamo kena ka mtundu wina, kamakaima pamalo akeake, mwina m'mwamba mwa koyamba kaja, mwina m'munsi. Mtunda wochokera pa maginito a pansi kufika pomwe kachidutswa kaima ndiwo umakuuzani density yake, kutanthauza kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake: magalamu angati pa cm³ imodzi.

Chipangizochi amachitcha MagLev. Musachisokoneze ndi sitima yothamanga ya ku Shanghai, dzina n'limodzi koma ntchito njosiyana. Mtundu womwe tikuunika pano ndi uja anaufalitsa a gulu la George Whitesides ku Harvard University mu 2009, ndipo malabotale ambiri amakopera womwewo mpaka lero. Nthawi zambiri munthu amagula zinthu zake pachokhapachokha: maginito, mchere wa manganese, kabotolo ndi timikanda toyezera, felemu n'kukapangitsa kwa mmisiri. Ndemanga iyi ndi ya zinthu zimenezo ndi momwe zimagwirira ntchito zikalumikizidwa.

Maganizo anga ndinene poyambirira pomwe. Ngati choyezera, MagLev imachita zoposa mtengo wake. Ngati chosankhira zinthu zochuluka, imakhumudwitsa. Amene akufuna kudziwa kuti kachidutswa aka ndi pulasitiki yanji, kapena ngati katundu wa mwezi uno akufanana ndi wa mwezi watha, aigule. Amene ali ndi matumba a pulasitiki yogaya ndipo akufuna kuwasankha lisanalowe dzuwa, ayambe waganizira mgolo wa madzi ndi mchere wa kukhitchini.

Kagwiridwe kake ndi aka. Maginito awiriwo amayang'anizana mbali zofanana (maginito aliwonse ali ndi mbali ziwiri, N ndi S), N ndi N kapena S ndi S, ndiye amakankhana. Mphamvu yawo imakhala yaikulu pafupi ndi chidutswa chilichonse, n'kumachepa mpaka kutheratu pakatikati penipeni. Madzi a m'kabotolo ali ndi manganese, amene amakokedwa pang'ono ndi maginito. Pulasitiki, galasi, mafuta ndi mbewu sizikokedwa. Choncho madziwo amalimbirana malo a pafupi ndi maginito, ndipo polimbiranapo amakankhira kachidutswa kanu pakati. Nako kachidutswako, ngati n'kolemera kuposa madziwo kamafuna kumira, ngati n'kopepuka kamafuna kuyandama. Pomwe mphamvu ziwirizi zalingana ndi pomwe kamaima. Ndiye amene akunyamula pulasitikiyo ndi madzi, osati maginito. N'chifukwa chake pano ma tesla 0.4 amakwanira (tesla, mwachidule T, ndi muyezo wa mphamvu ya maginito), pomwe Andre Geim, poyandamitsa chule wamoyo m'malere ku Nijmegen mu 1997, anafunika ma tesla 16, popeza chuleyo analibe madzi otere omuthandiza.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa njirayi n'chakuti kukula kwa kachidutswa kulibe kanthu. Kaya n'kakang'ono ngati njere ya mawere, kaya ngati nyemba, kaya n'kokhotakhota, ngati density ndi imodzi timaima pa msinkhu umodzi. Simufunika kukayeza pa sikelo, ndipo magetsi akazima ntchito siima.

Maginito: apa ndi pomwe ndalama ndi zala zimathera

Muyezo womwe unakhazikika ndi maginito a neodymium, omwe ogulitsa amalemba NdFeB, a mamilimita 50 m'litali, 50 m'lifupi ndi 25 kuchindikala. Ogulitsa a ku America amalemba 2 × 2 × 1 inchi, n'chimodzimodzi. Pakati pa nkhope ziwirizo mumasiya mpata wa mamilimita 45. Mpatawu uli ndi chifukwa chake: ukakhala wocheperako pang'ono kuposa m'lifupi mwa maginito, mphamvu imasintha molingana kuchokera pansi kufika pamwamba, moti milimita iliyonse imaimira kusintha kofanana kwa density. Mukautalikitsa kufika 70 kapena 80, kusinthako sikukhalanso kofanana ndipo kuwerenga kumavuta.

Poitanitsa, onetsetsani kuti N ndi S zili pa nkhope zikuluzikulu ziwiri. Alipo a kukula komweko omwe N ndi S zili m'mbali, ndipo amenewo pa ntchito iyi ndi ndalama yotaya. Kenako pali nkhani ya giredi. N52 ndi yamphamvu kuposa N42 ndi 11 peresenti kapena pamenepo, koma mu MagLev mphamvuyo imawerengedwa poichulukitsa ndi iyo yomwe, ndiye kusiyanako kumafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngakhale zili choncho, N42 yeniyeni imagwira ntchito bwinobwino. Vuto ndi N52 ya pakamwa, yomwe pa intaneti yadzaza. Ngati mungapeze gaussmeter, kachipangizo koyezera mphamvu ya maginito, ikani pakati pa nkhope ya chidutswa chimodzi chili pachokha. N52 ya kukula uku iyenera kuonetsa pafupifupi 0.48 T, N42 pafupifupi 0.43 T. Mukazimanga moyang'anizana manambalawa amatsika kufika cha m'ma 0.42 ndi 0.38, chifukwa china chimafooketsa chinzake. Chofunika kuposa giredi n'chakuti ziwirizo zifanane. Chimodzi chikafooka, pomwe mphamvu imathera sipakhalanso pakati, ndipo kuwerenga konse kumapendekera mbali imodzi. Gulani zonse ziwiri kwa wogulitsa mmodzi, nthawi imodzi.

Tsopano za zala. Chidutswa chimodzi chimalemera pafupifupi theka la kilogalamu, koma chikamata pa chitsulo chochindikala pamafunika mphamvu yoposa makilogalamu 100 kuti muchizule molunjika. Ziwiri zikakumana N ndi S chala chili pakati, chimaphwanyika. Ndipo mukamayandikizitsa N ndi N, cha pamwamba sichingokankha chabe, chimafuna kutembenuka kuti chimate. Chimatembenuka mwadzidzidzi, dzanja silingachigwire. Maginitowa ndi ofwafwaza ngati mbale yadothi, akawombana amathetheka ndipo tizidutswa timalowa m'maso.

Kamangidwe kotetezeka ndi kotere. Chidutswa chilichonse chikhale ndi kabokosi kakekake ka aluminiyamu, thabwa lolimba kapena pulasitiki yochindikala, kotsekedwa ndi masikuluwu. Tsekerani choyamba, china chili kutali mita imodzi kapena kuposa, makamaka m'chipinda china. Tsekerani chachiwiri. Kenako imikani mabawuti anayi aatali a brass kapena aluminiyamu m'makona a kabokosi ka pansi, vekani timapaipi todulidwa pa muyezo kuti tisunge mpata, ndipo tsitsani kabokosi ka pamwamba motsatira mabawutiwo, kumanga manati pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Mabawutiwo ndiwo amaletsa kutembenuka kuja. Sipanala yachitsulo imalumpha m'manja ikafika pafupi, choncho igwireni ndi manja awiri ndipo patebulo pasakhale misomali, lumo kapena sizasi. Cholakwika chofala pa felemu n'kuphimba nkhope za maginito ndi chivindikiro chochindikala. Mamilimita 45 aja amayezedwa kuchokera pa nkhope kufika pa nkhope. Chivindikiro cha mamilimita 3 uku ndi uku chakudyerani 6, ndipo chakudyerani malo omwe zolemera kwambiri ndi zopepuka kwambiri zimakaima. Felemu yabwino imagwira maginito m'mphepete mokha.

Zina n'zachidule. Maginito a giredi ngati N42 ndi N52 akatenthedwa kupitirira madigiri 80 amafooka osabwereranso, ndiye musawasiye m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala. Kunja kwawo anakutira nickel, ndipo madzi a mchere wa chloride amadya nickel ikangokalika pang'ono. Matani tepi yopyapyala pa nkhope ya pansi, ndipo dontho likagwa pukutani nthawi yomweyo. Munthu wokhala ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, asayandikire. Makadi a ku banki ndi mawotchi akhale patali. Pomaliza, maginito amphamvu pa ndege amawerengedwa m'gulu la katundu woopsa, nambala yake UN2807, ndipo amafunika kupakidwa m'bokosi lotchinga ndi chitsulo. Funsani wogulitsa za katumizidwe musanalipire, chifukwa ena onyamula katundu amakana.

Madzi ake

Mchere womwe ndimaona kuti ndi woyenera kuyambira ndi manganese chloride. Umagulitsidwa mitundu iwiri ndipo apa anthu amasokoneza. Wofala ndi MnCl₂·4H₂O, timibulu ta pinki, womwe mole imodzi (mole ndi muyezo wa kuchuluka kwa mankhwala) imalemera magalamu 197.9. Wina ndi wouma, MnCl₂, magalamu 125.8 pa mole. Werengani pa botolo. Kuti mupange mamililita 100 a 1 M, kutanthauza mole imodzi pa lita, mufunika magalamu 19.8 a woyambawo, kapena 12.6 a wouma. A 3 M ndi magalamu 59.4 a woyambawo. Musathire mcherewo m'madzi okwana kale mamililita 100. Sungunulani m'madzi ochepa, 50 kapena 60, kenako onjezerani mpaka zonse pamodzi zifike pa mzere wa 100. Mukalakwitsa apa pa 3 M, madzi anu amasukuluka kwambiri ndipo manambala onse ali m'munsimu sakugwirizana nanu.

Gwiritsani ntchito madzi osungunula, omwe aja amagulitsa othira m'batire ya galimoto, bola akhale madzi okha osati asidi. Madzi a pa mjigo kapena a pampopi nthawi zina amachititsa manganese kuchita mbuu kapena kusiya zinyalala za bulauni pansi pa botolo pakapita masiku. Mcherewo umayamwa chinyezi cha mumpweya, ndiye botolo likhale lotseka nthawi zonse, apo ayi magalamu omwe mukuyeza ena ndi madzi. Valani magolovesi, musapume fumbi lake, ndipo madzi ogwiritsa kale ntchito musawataye mu ngalande. Asefeni ndi pepala losefera, amagwiranso ntchito kambirimbiri.

Kuchuluka kwa mchere ndiko kumasankha zomwe chipangizo chanu chingaone, ndipo apa pali kusinthanitsa komwe simungakuthawe. Tiwerengere pa 0.38 T ndi mpata wa 45. Madzi a 1 M ali ndi density ya pafupifupi 1.10, ndipo chinthu cha density imeneyo chimaima pakatikati, pa mamilimita 22.5. Kuchokera pamwamba kufika pansi mumaona kuyambira 1.00 mpaka 1.19 kapena pamenepo. Milimita imodzi ndi 0.004. Madzi a 3 M ali ndi density ya pafupifupi 1.29, amaona kuyambira 1.01 mpaka 1.57, koma milimita imodzi tsopano ndi 0.012. Mukachulukitsa mchere mumaona zinthu zambiri koma mothinana. Mukachepetsa mumaona zochepa koma zotalikirana bwino.

Taonani mu 3 M muja mutaponya pulasitiki zosakaniza. Polystyrene, ya 1.05, imakaima pamwamba cha pa mamilimita 42. Nylon, ya 1.14, cha pa 34. Acrylic, ya 1.18, pa 31, ndipo polycarbonate, ya 1.20, pa 30, pafupifupi kugundana. PET ya mabotolo a zakumwa, ya cha m'ma 1.38, imatsika kufika pa 15. Mukatenga polystyrene, nylon ndi acrylic zomwezo n'kuika mu 1 M zimamwazikana: 34, 13 ndi 3 kapena 4. Ndiye njira yabwino n'kuyamba ndi 3 M kuti mudziwe dera, kenako n'kusukulula madzi mogwirizana ndi deralo.

Mwaona kuti malire a pamwamba sachoka pa 1.0 kaya mchere ndi wochuluka bwanji. Zili choncho chifukwa mchere womwe ukuwonjezera mphamvu ndi womwenso ukulemeretsa madzi. Zotsatira zake n'zakuti polypropylene, ya 0.90, ndi polyethylene, ya 0.91 mpaka 0.97, zomwe ndizo zochuluka m'zinyalala, zimangokamatirira pamwamba osakuuzani kanthu. Kuti muzisiyanitse muyenera kusungunula mcherewo mu ethanol kapena methanol, kapena kusakaniza ndi madzi, kuti density ya madziwo itsike. Zimatheka, koma mowa umauluka msanga, umayaka, ndipo methanol ndi poizoni. Kwa ine ichi ndicho chilema chachikulu cha chipangizochi kwa anthu a pulasitiki.

Mchere wina, gadolinium chloride, uli ndi mphamvu pafupifupi kawiri kuposa wa manganese pa mole iliyonse, koma mtengo wake ndi wina. Manganese sulfate, uja amagulitsa ngati feteleza wa m'masamba, ndi wotchipa ndipo amagwira: magalamu 16.9 a MnSO₄·H₂O pa mamililita 100 ndi 1 M. Amabwera ndi zinyalala zofunika kusefa ndipo madzi ake ndi olemerako, choncho manambala a chloride musawakopere.

Kabotolo, rula ndi timikanda

Cuvette wamba, kabotolo koonekera mkati ka mu labotale, ya mamilimita 12.5 mbali zonse ndi 45 kutalika, imalowa ndendende mu mpatawo ndipo imatenga mamililita pafupifupi 4. Ikhale ya makona anayi. Chubu chozungulira chimapotoza chithunzi. Rula ikhale ya pulasitiki, ndipo ziro wake ayambire pa nkhope ya maginito a pansi, osati pansi pa madzi. Felemu iime chilili, yesani ndi levulo yopanda maginito. Powerenga, diso kapena kamera ya foni ikhale pa msinkhu umodzi ndi kachidutswa, patali theka la mita kapena kuposa. Mukajambula pafupi, zomwe zili pamwamba ndi pansi zimaoneka zitasuntha. Mumawerenga pakatikati pa kachidutswa, osati m'munsi mwake.

Musadalire masamu okha. Chipangizo chilichonse chiyezedwe ndi zinthu zodziwika kale density. Kampani ngati Cospheric imagulitsa timikanda ta polyethylene ta mitundumitundu tolembedwa density yake, ndipo palinso timikanda ta galasi tolondola kufika 0.0002. Tengani titatu kapena tisanu tofalikira m'dera lanu, lembani pomwe taima, jambulani galafu. Iyenera kutuluka mzere woongoka. Ikapindika kumapeto, musawerenge zomwe zaima mamilimita atatu kapena anayi oyandikana ndi maginito. Ngati muwerenga molondola kufika theka la milimita, mu 1 M mukupeza density molondola kufika 0.002. Pa chinthu chopanda waya ndi batire, ndiponso pa kachidutswa kochepa moti sikelo wamba singakamve n'komwe, zimenezi n'zogometsa.

Zomwe zimanamiza

Mdani wamkulu ndi thovu la mpweya. Pulasitiki sikonda madzi, ndiye mukaiponya imalowa ndi tithovu tomatirira m'makona ndi m'mikwingwirima. Tiwerengere. Kamkanda ka mamilimita 3 kali ndi kathovu kamodzi ka theka la milimita, kovuta kukaona ndi maso. Kathovuko ndi pafupifupi theka la peresenti imodzi ya kukula kwa kamkandako, ndipo kamatsitsa density yooneka ndi 0.005. Mu 1 M ndiye kuti kamkanda kakwera kuposa milimita imodzi. Tithovu titatu, mwaitcha pulasitikiyo dzina la ina. Mankhwala ake ndi osavuta. Viikani kachidutswa mu ethanol kaye, tsukuluzani m'madzi a manganese apadera, kenako ikani m'kabotolo. Kapena thirani kadontho kochepa zedi ka Tween 20, sopo wa mu labotale, kapena sopo wamadzi wotsukira mbale, osakhutchumula. Unikani ndi tochi cham'mbali, tithovu timanyezimira. Kachidutswa kakamatsika pang'onopang'ono kwa mphindi zambiri m'malo moima, nthawi zambiri ndi tithovu tikuchoka.

Wachiwiri ndi chitsulo. Pulasitiki yotuluka m'makina ogayira imakhala ndi fumbi la mipeni ya makinawo. Fumbi lochepa lomwe limakokera kachidutswa ku maginito, ndipo mudzakaona katamatirira pansi kapena pamwamba, kapena kataima chopendekera. Tsukani ndi sopo, ndipo podula gwiritsani mpeni wakuthwa woyera, osati sowo. Kapanira wonyamulira akhale wa pulasitiki.

Wachitatu si vuto la chipangizo, koma amapusitsa ambiri. MagLev imayeza density, sidziwa dzina la chinthu. Polypropylene yosakaniza ndi 20 peresenti ya talc, ufa wa mwala wofewa, imafika cha m'ma 1.04 ndi 1.05, pomwe pamaima polystyrene. Nylon yolimbitsidwa ndi 30 peresenti ya ulusi wa galasi imafika cha m'ma 1.36, pafupi ndi PET. Polystyrene ndi ABS zimagundana. Choipitsitsa, PET ndi PVC yolimba, ya mapaipi ija, zimalowana, pomwe kwa obwezeretsa mabotolo kusiyanitsa ziwirizi ndiye nkhani yaikulu, popeza PVC yochepa yomwe imaononga PET ikasungunulidwa. Apa MagLev singakupulumutseni, pamafunika makina ounika ndi kuwala. Zinthu zokhala ndi mpweya m'kati, monga thovu lopakira katundu, nazo sizipereka nambala yothandiza.

Kenako kutentha ndi kuuma. Mphamvu ya manganese imatsika pafupifupi 0.3 peresenti pa digiri iliyonse, ya maginito imatsikanso, ndipo madzi amapepuka akatentha. Chipinda chikasintha ndi madigiri 10 pakati pa m'mawa ndi masana, kachidutswa ka kumapeto kamatha kusuntha milimita kapena kuposa. Kabotolo kosavindikira kakataya 0.1 mL yokha, pakati pasuntha kuposa theka la milimita. Phimbani ndi kapulasitiki kopyapyala, ndipo siyani kamkanda kamodzi kodziwika m'kabotolo nthawi zonse ngati mboni. Kakasuntha, dziwani kuti zonse zasuntha.

Zinthu zoyamwa madzi, monga mbewu, thabwa, ngakhale nylon pang'ono, ziwerengeni msanga zikangoima. Zosungunuka m'madzi sizingayezedwe m'madzi. Gulu la Whitesides pofuna kusiyanitsa ufa wa mankhwala ozunguza bongo monga fentanyl linagwiritsa ntchito gadolinium yosungunuka m'mankhwala a mafuta, osati m'madzi. Ufa wosalala umafuna kudekha. Kamkanda ka mamilimita angapo kamakhazikika m'masekondi kapena mphindi imodzi, koma kanthu kakachepa kakhumi nthawi imachuluka ka 100. Ufa wa ma micron ochepa (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi) mungaudikire maola, ndipo ukachepa kufika ma micron awiri kapena kutsika umangoyendayenda osakhazikika. Sefani ufa kaye kuti njere zikhale zofanana kukula.

Nanga kusankhako?

Kusiyanitsa kumachitikadi, ndipo n'kokongola kuona magulu atatu kapena anayi ali m'malere, lililonse pa msinkhu wake. Vuto ndi kuwatulutsa. Mukangochotsa kabotolo pakati pa maginito, zonse zimasakanikiranso, zina kumira zina kuyandama. Muyenera kuyamwa ndi pipette ya pulasitiki, kachubu koyamwira madzi, kabotolo kali pomwepo, kuyambira gulu la pamwamba kutsika, ndipo pamwambapo pali maginito otchinga njira. Ena amafupikitsa kabotolo, ena amaboola m'mbali n'kulowetsa timachubu. Kuonjezera apo, mphamvu ya maginito imakankhira zonse pa mzere wa pakati, ndiye mukathira zambiri zimaunjikana, zolemera zimanyamula zopepuka, magulu n'kusokonekera. Pa ulendo umodzi mukunena za zinthu zosakwana galamu. Kenako zonse ziyenera kutsukidwa manganese.

Yerekezani ndi mgolo. Madzi wamba amayandamitsa polyethylene ndi polypropylene, n'kumiza PET ndi PVC, ndipo umu ndi momwe mafakitale amasiyanitsira zotsekera ndi mabotolo ake. Mchere wa kukhitchini, magalamu 360 pa lita, umafikitsa madzi pa 1.20, ndiye ndi migolo iwiri kapena itatu ya mchere wosiyana mumagawa makilogalamu ambiri pa tsiku. Mgolo umangoyankha kuti chamira kapena chayandama. MagLev imakupatsani nambala. Ntchito yake yeniyeni pamalo otere ndi kukuuzani kuti mumgolo muthire mchere wochuluka bwanji, ndiponso kuyesa ngati zomwe zatuluka zili zoyera.

Amisiri anayesa kukonza zofookazi. Mu 2018 Shencheng Ge ndi Whitesides anaonetsa mtundu wa maginito a mphete, pomwe chubu chimadutsa pa bowo la pakati, moti mumathira ndi kutulutsa zinthu kuchokera pamwamba popanda chotchinga. Ngati cholinga chanu n'kutulutsa magulu, umenewo ndi wabwinoko kuposa wa makona anayi. Mu 2016 gulu lomwelo linaonetsa kuti kupendeketsa chipangizo kumalola kuyeza ngakhale zitsulo zolemera kwambiri, mpaka density ya 23, koma kachidutswa kamakhudza khoma la kabotolo ndipo kuwerenga kumafuna luso lina.

Pa zochuluka zenizeni, njira ndi ina. Ku Delft University of Technology, ku Netherlands, Peter Rem ndi anzake anapanga yomwe amaitcha Magnetic Density Separation. M'malo mwa mchere amagwiritsa ntchito madzi osakaniza ndi timbewu tating'onoting'ono ta mwala wa chitsulo wotchedwa magnetite, omwe amakokedwa ndi maginito mwamphamvu kwambiri. Pulasitiki yogaya imayenda mu ngalande, mtundu uliwonse pa msinkhu wake, ndipo kumapeto timapuleti timagawa maguluwo. Kampani ya Umincorp inamanga fakitale yotere ku Amsterdam, koma inagwa kumayambiriro kwa 2024, pa nthawi yomwe pulasitiki yatsopano inatchipa kwambiri moti yobwezeretsa sinkatha kupikisana nayo.

Kumbali ya zachipatala, kafukufuku wa ku Stanford University wa mu 2015 anaonetsa maselo akuyandama m'kachubu kopyapyala pakati pa maginito aang'ono, ndipo kampani ya LevitasBio ya ku California inapanga makina otchedwa LeviCell osiyanitsa maselo amoyo ndi akufa pa mfundo yomweyi. Chaka chomwecho gulu la Savas Tasoglu ku University of Connecticut linaonetsa kachipangizo kolumikiza ku foni koyesera matenda a sickle cell, omwe zipatala za ku Malawi ndi Zambia zimawadziwa bwino: maselo odwala amalemera kuposa abwino ndipo amaima motsikirapo. Amenewo anali kafukufuku, ndipo amagwiritsa ntchito mankhwala a gadolinium omwe maselo amapirira. Magazi alibe malo mu chipangizo cha manganese chomwe tafotokozachi, mchere wochuluka chonchi umapha maselo nthawi yomweyo.

Ndani agule

Mphunzitsi wa sayansi ku sekondale kapena ku koleji apindula nacho, bola felemu ikhale yomangidwa kale ndi yotsekedwa moti ophunzira sangamasule. Wopanga zinthu za pulasitiki amene amagula timibulu kwa ogulitsa osiyanasiyana apindulanso: timibulu khumi ta thumba latsopano ndi khumi ta thumba lodalirika, m'kabotolo kamodzi, ndipo ngati wina wathiramo laimu wambiri kapena wasakaniza mitundu, mudzaona magulu awiri m'malo mwa limodzi. Kachidutswa komwe kali ndi mphako m'kati kamaima mokwera ndiponso mopendekeka poyerekeza ndi anzake. Wa miyala ya mtengo wapatali asavutike. Quartz ndi 2.65, garnet ndi ruby zimaposa 3.5, zonsezo zimangogwera pansi mu manganese chloride, ndipo kuyeza pa sikelo mumpweya ndi m'madzi kumamuthandiza bwino kuposa apa.

Pogula, ndalama ikani pa maginito ofanana ndi timikanda todalirika, felemu ingakhale ya thabwa. Ma cuvette a pulasitiki gulani paketi, chifukwa amakalika msanga ndipo m'mikwingwirimamo ndi momwe tithovu timabisala. Mukamaliza ntchito chotsani kabotolo, pukutani nkhope ya pansi, ndipo lowetsani kathabwa kodzaza mpata wonsewo kuti kiyi kapena msomali usadzalumphiremo.